Simunampatse Kanthu, Ababa

Landover, Maryland
19 Novembala 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Lorraine ndi ana kumeneko ku Balaka. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kuja munkakuopa kwafika. Mitengo ya kuseri kwa nyumba, ija munkati ikufanana ndi mibawa, yayoyoka masamba onse.

Mudabwa kulandira kalata pamene foni ilipo. Koma pafoni mumandizemba, Ababa. Ndikangoti tiyambe nkhani, inu za mvula, inu za feteleza, kenaka "nayu mng'ono wako," foni mwapereka kwa Lorraine. Ndiye ndati munthu amene anagwira ntchito ku positi mpaka kupuma sangasiye kalata panjira osaiwerenga mpaka kumapeto. Ndaipatsira Janeth, mnzanga wa kutchalitchi amene akubwera ku ukwati ku Liwonde, ndipo ndamuuza kuti asaisiye kwa wina aliyense koma m'manja mwanu.

Lorraine wandiuza kuti njinga yanu anaitsekera m'chipinda, inu osatsutsa. Wandiuzanso kuti munapita kwa abusa kukapempha kuti asamakupatseninso Sabata yolalikira, ati mukuopa kudzaima pagome n'kuiwala zimene mumanena. Choncho ndiyambe ndi mawu amene ndalembera kalatayi, ena onsewa ndi ongoperekeza. Mutu wanu uli bwinobwino. Simunaiwale kalikonse. Robin, mphaka wa mdzukulu wanu Daisy uja, simunampatse chakudya ngakhale kamodzi. Umboni ndaupeza, ndipo ukuloza ine.

Zina mwa izi mukuzidziwa, zina ndinakubisirani. Mundilole ndifotokoze kuyambira pachiyambi, chifukwa ndikadumpha pena ndidumpha pamene pakundichititsa manyazi.

Robin anayamba kutsegula m'mimba mu Januwale, inu musanabwere. Poyamba sindinalabadire. Ndinati mphaka amadzichiza yekha, akatafuna udzu basi wachira, kuiwala kuti tikukhala pamwamba pa nyumba yosanja pamene palibe ngakhale kaudzu kamodzi. Mwezi unatha. Chimbudzi chake chinali chamadzimadzi, nthawi zina chonanda, fungo lake losautsa, ndipo masiku ena sankafika n'komwe ku bokosi lake la mchenga, ankangosiya pakapeti. Kudya ankadya ndithu, koma ukamugwira pamsana unkamva mafupa, ubweya nawo unasiya kuwala. Daisy atayamba kulira popita kusukulu, m'pamene ndinamutengera kwa dokotala wa ziweto, mayi wamtali uja wa ku Upper Marlboro amene munamuona.

Kumeneko ndinaphunzira kuti mphaka wa kuno amayezedwa kuposa mmene ife tinkayezedwera tili ana. Anandituma kuti ndibwere ndi chimbudzi chake m'kabotolo. Tangoganizani, ine mwana wa a Kalekeni, kuyenda mumsewu ndi chimbudzi cha mphaka m'chikwama changa cha kutchalitchi! Anachiyeza, sanapezemo njoka za m'mimba kapena tizilombo, komabe anamupatsa mankhwala a njoka, ati zina zimabisala. Anamutenga magazi, impso zili bwino, chiwindi chili bwino, chithokomiro chili bwino. Chimene chinachepa ndi vitamini wina amene amatha m'thupi matumbo akamavutika nthawi yaitali, ndiye anamuyambitsa jakisoni. Koma kutsegula m'mimbako osasiya.

Pamapeto pake dokotala anandikhazika pansi. Anati amphaka ena thupi lawo limakana chakudya china, kawirikawiri nkhuku, nsomba, nyama ya ng'ombe kapena mkaka, ndipo kuyeza magazi sikungatiuze motsimikiza kuti ndi chiti. Njira ndi imodzi: kumupatsa nyama imene sanaidyepo chibadwire, iyo yokhayo, kwa miyezi iwiri. Anasankha ya bakha, ya m'zitini. "Pakamwa pake pasalowe china chilichonse kupatula ichi ndi madzi oyera," anatero. "Asanyambite ngakhale supuni. Akachira, tidziwa kuti vuto ndi chakudya. Akapanda kuchira, tiyenera kumugoneka n'kudula tizidutswa ta matumbo kuti tione ngati muli matenda aakulu." Daisy anamva mawu akuti kudulawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka wapolisi wa m'khitchini.

Zinathandiza. Pamene munkatsika ndege mu Epulo, Robin anali atasiya kutsegula m'mimba, wayambanso kuthamangitsa mchira wake. Munaseka mpaka kutsokomola nditakuuzani kuti ali ndi dokotala wakewake. "Kwathu bakha timamuona pa Khrisimasi, awa tsiku ndi tsiku? Ayi, awa si mphaka wamba, awa ndi a Robini." Dzina linakhala lomwelo. Ndinkayesa kuti mudana naye, koma sabata isanathe ndinakupezani mukuwerenga Baibulo iye ali phee pamiyendo panu, mukumufunsa ngati wamva zimene Paulo akunena.

Tsiku loyamba lomwelo ndinatulutsa beseni ndi jagi zimene ndinagula dala chifukwa cha inu. Ndinakuikirani chakudya pabalaza, patebulo laling'ono lija la nsalu yoluka ya Amayi, imene imalendewera mpaka pansi. Ndinagwada kuti ndikusambitseni m'manja. Inu munati, "Mwanawe, mpopi suli apowu, wa madzi otentha kale? Ndikasamba konko, usavutike." Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati bambo anga sangayende kupita kumpopi ine ndilipo. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kuti Daisy aone mmene tinaleredwera, komanso kuti mukakafika kumudzi mukanene kuti Atikonda Amereka sanamusinthe. Ndiye zinakhala choncho masiku onse: kusamba musanadye, kusambanso mukatha, kenaka ine n'kukankhira beseni pansi pa tebulo kuti wina asalipunthe, n'kuthamangira mbale, madziwo n'kudzataya ndikamaliza zonse.

Sipanapite nthawi, Robin anayambiranso. Ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza pakapeti pali zija, ndipo mtima wanga unathamangira kwa inu ndisanaganize n'komwe. M'nyumba chinasintha n'chiyani? Mwabwera inu. Nthawi ya chakudya mphaka amakhala kuti? Pamapazi panu. Tsiku lina ndinamunyamula n'kumva ndevu zake zikununkha msuzi, kachibwano kake koyera kaja kali psuu ndi tomato. Ndinakufunsani mwaulemu, inu munati, "Ayi, sindinampatse." Patapita masiku ndinafunsanso, mawu atakwera pang'ono. Munandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Atikonda, ndakuyankha kale."

Apa ndi pamene pakuyambira zimene simukuzidziwa. Ndinauza Daisy kuti azikuyang'anirani mukamadya, mwana kumusandutsa kazitape wa agogo ake. Anabwera n'kunena m'Chichewa chake chopunduka chija, "Agogo sapatsa, Mom. Ine naona." Ndinamuyankha kuti agogo ndi ochenjera kuposa iye. Tsiku lina muli kosamba, ndinapisa m'matumba a jekete lanu kufunafuna mafupa kapena usipa. Ndinapezamo mpango, khadi la sitima ndi chithunzi cha Amayi. Ndinabwezeramo zonse, koma m'malo mochita manyazi ndinangoti mwina mwabisa kwina. Kenaka ndinayamba kumutsekera Robin kuchipinda kwa Daisy nthawi ya chakudya, n'kumutsegulira mukangotha kusamba m'manja. Kutsegula m'mimba kunapitirira. Ndiye ndinati basi, ndiye kuti mumampatsa masana ine ndili kuntchito.

Koma kunama inu? Zimenezo ngakhale ine wouma mutune sindikanazivomera. Munatilera ndi lamulo lakuti woswa mbale akanena yekha sakwapulidwa. Munthu wotero sanganame chifukwa cha mphaka. Ndiye ndinafunafuna yankho lina, ndipo ntchito yanga inandipatsa lokonzeka kale. Mukudziwa kuti kunyumba yosungirako okalamba ku Arlington ndimasamalira anthu amene mitu yawo inayamba kuiwala. Tsiku lililonse ndimaona munthu akudya, mbale itangochotsedwa n'kulumbira kuti sanadye chiyambire dzulo, ndipo sakunama, sakukumbukira basi. Ndikakwera sitima pobwerera kunyumba, maso omwewo ndinkabwera nawo kwa inu. Mukafunsa kawiri kumene mwasiya magalasi, ine ndasunga mumtima. Mukamuitana Daisy kuti Lorraine, ndasunga, ngati kuti sindikudziwa kuti kuyambira tili ana munkatchula mayina a m'nyumba yonse, ngakhale la galu, musanafike pa amene mukumufuna.

Za tsiku lija la mu Julayi kwa dokotala ndikanakonda kuzidumpha. Munanyamula inu kabokosi ka Robin chifukwa m'manja mwanu sankalira. Atamuika pasikelo anapeza kuti wawondanso. Dokotala anafunsa ngati pali wina amene akumupatsa chakudya china. Inu munali mutatsegula pakamwa kuti muyankhe, koma pakamwa panga paja, pamene Amayi ankati pamathamanga kuposa miyendo, panakutsogolerani. Ndinayankha m'Chingerezi, mofulumira, motsitsa mawu, ngati kuti inu amene munandiphunzitsa kulemba kalata ya Chingerezi simumva. Ndinati, "Ndi bambo angawa. Amampatsa, koma sakumbukira. Ndimagwira ntchito ndi okalamba, zimenezi ndimazidziwa."

Dokotala anatembenukira kwa inu n'kuyamba kukuyankhulani pang'onopang'ono, mokweza, akumwetulira kumwetulira kwachisoni kumene inenso ndimamwetulira kuntchito. Anakufotokozerani ngati mwana kuti mphakayu akadya zina amadwala. Inu munamvetsera mpaka anamaliza, chipewa chili m'manja, n'kuyankha ndi Chingerezi chanu cha ku positi chija, chowongoka bwino, kuti mwamva ndipo mukuthokoza. Tinalowa m'galimoto. Munangoika dzanja pakabokosi, maso ali pawindo mpaka kufika.

Sabata yomweyo ndinamuimbira Lorraine ndili pa siteshoni kuti inu musamve. Ndinamuuza kuti mutu wanu wayamba, kuti mukadzabwerera azikuyang'anirani, asamakuloleni kuyenda nokha pa njinga, ndipo auzeko abusa mwakachetechete. Ngati munkadabwa kuti n'chifukwa chiyani mutangofika kwanu aliyense anayamba kukufunsani ngati mwazimitsa mbaula, ngati mwatseka chitseko, musamukwiyire Lorraine. Anangochita zimene mkulu wake, nesi wa ku Amereka, anamuuza.

Munayenera kukhala mpaka Okutobala, koma mu Ogasiti munati mukufuna kukaona nyumba. M'mawa wa tsiku lonyamuka, mukupinda malaya, munandiitana. Munati, "Atikonda, mwina ndimampatsadi. Ndayesetsa kukumbukira, sindikuona chilichonse. Koma ngati munthu angachite chinthu tsiku ndi tsiku osachidziwa, kuli bwino ndikakhale pafupi ndi manda a mayi ako ndisanaiwale njira yake." Ababa, mukudziwa chimene ndinamva mumtima nthawi imeneyo? Mpumulo. Ndinamva ngati mlandu watha ndipo ndawina. Ndinakusisitani paphewa n'kunena kuti, "Musadandaule, zimachitika," mawu omwewo amene ndimauza odwala anga. Pa zonse zimene ndachita, kusisita kumeneko ndi kumene kumandiwawa kwambiri.

Mutachoka, beseni ndinaliika pamwamba pa kabati, poti ine ndi Daisy timasamba kumpopi. Posakhalitsa Robin anachira. Chimbudzi chinalimba, ananenepa, dokotala anasangalala. Ine ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinamuimbiranso Lorraine n'kumuuza kuti, "Waona? Angochoka, mphaka wachira." Kwa ine nkhani inathera pamenepo.

Lamlungu lapitalo linzake, Abusa Malama ndi amayi abusa anabwera kudzatiyendera titaweruka ku mapemphero. Ndi aja a ku Zambia amene munakangana nawo mosangalala za nyimbo za m'buku. Ndinaphika nkhuku. Alendo aulemu wotero sindikanawatumiza kumpopi, ndiye ndinatsitsa beseni lija, n'kulipukuta fumbi, n'kuwaikira chakudya patebulo lanu lomwe lija. Atatha kudya ndinawasambitsa, ndipo dzanja langa, mwachizolowezi chake, linakankhira beseni pansi pa tebulo. Ndinapita kukhitchini kukateleka tiyi.

Amayi abusa anali atavula nsapato chifukwa zinkawathina, ndipo pozifunafuna ndi phazi anagunda chinthu chaubweya. Ndinangomva kukuwa, kenaka kuseka.

"Mayo! Amake Daisy, bwelani muone! Ka pusi kanu kakumwa manzi ya mu dishi!"

Ndinafika akugwirabe nsalu ya Amayi m'mwamba. Robin anali ataika miyendo yakutsogolo pamlomo wa beseni, mutu uli m'kati. Pamwamba pa madzi pankayandama mafuta, pansi pali tinyenyeswa ta nkhuku totsalira ku zala, ndipo m'mbali monse munali mzere wofiira wa msuzi umene iye ankaunyambita mozungulira, mwadongosolo, ngati munthu amene akugwira ntchito yake ya masiku onse. Sanadzidzimuke n'komwe. Anangotukula mutu n'kundiyang'ana, kachibwano kali psuu.

"Kanacenjela aka," anatero amayi abusa akupukuta misozi ya kuseka. "Kaziba kuti supu ili pansi."

Ine ndinakhala pansi pakapeti pomwepo. Miyezi yonse ija inabwera pamodzi: Robin pamapazi panu, ndevu zonunkha msuzi, chitseko cha Daisy chimene ndinkatsegula ndi dzanja langa nthawi yeniyeni imene beseni linali litangolowa pansi pa tebulo. Nsalu yaitali ija inkamubisa, inu muli pampando pamwamba pake mukuonera nkhani pa TV, osadziwa kanthu. Amene ankampatsa Robin nkhuku tsiku ndi tsiku ndinali ine, ndipo ndinkachita zimenezo nditagwada.

Daisy anaima pakhomo la khitchini. Sanakuwe, sanalire. Anangoti, "Ndinakuuzani, Mom. Agogo sanama." Kenaka ananyamula mphaka wake n'kukadzitsekera kuchipinda. Abusa anafunsa kuti chachitika n'chiyani poti nkhope yanga inali itagwa, ndipo ndinawafotokozera zonse ndikulira ngati mwana, tiyi akusefukira pachitofu. Sanandinyengerere. Anati, "Mwana wanga, pemphero tipemphera, koma aba bamene munalakwira bali moyo, na adilesi bali nayo."

M'mawa mwake pakapeti panali zija. Sindinayambe ndaganizapo kuti ndingayang'ane chimbudzi cha mphaka n'kumva ngati ndikuwerengeredwa chigamulo. Ndinamutengera kwa dokotala n'kufotokoza za beseni, ndipo ndinachita kumuonetsa ndi manja mmene timasambitsirana chifukwa sankamvetsa kuti madzi a nkhuku amapezeka bwanji pansi pa tebulo. Anati zimenezo n'zokwanira ndithu, mphaka wotere safunika nthuli, kakang'onong'ono kamayambitsa zonse. Anatinso anyezi wa mu msuzi ndi woipa kwa amphaka onse, ndipo tili ndi mwayi kuti ankangomwa wosungunuka m'madzi. Mosadziwa, ati, ndachita chimene iye ankafuna kudzachita pamapeto, kumubwezera chakudya chakale kuti titsimikize. Popeza tsiku limenelo ndiwo inali nkhuku yokha, tsopano tikudziwa kuti mdani wa Robin ndi nkhuku, ndipo za kudula matumbo zija palibenso.

Kenaka anafunsa kuti, "Nanga bambo anu aja?" Ndinamuuza kumene muli ndi zimene zachitika. Anagwira pakamwa. Wandituma kuti ndikuuzeni kuti akupepesa chifukwa cha mmene anakuyankhulirani tsiku lija. Ndalonjeza kuti ndifikitsa, ndiye ndafikitsa, ngakhale iye anangotsatira zimene ine ndinamuuza.

A Robini anu tsopano ali bwino. M'mimba munalimba patangopita masiku ochepa. Akudya bakha wawo yekhayekha, ndipo chilichonse chobwera m'nyumba muno Daisy amayamba wawerenga pachitini, chifukwa nkhuku amaibisa m'zinthu zambiri, ngakhale m'mankhwala ena oti amphaka azimwa mosavuta. Jakisoni wa vitamini watsala pang'ono kutha. Mbale sitisiyanso musinki, chidebe cha zinyalala chili ndi chivundikiro cholimba. Dokotala akuti akhoza kukhala moyo wautali ngati mphaka wina aliyense, bola anthu a m'nyumba mwake akhale ndi nzeru.

Lorraine ndinamuimbira tsiku lomwelo. Anandikalipira mpaka foni inatentha, mng'ono kukalipira mkulu wake, ndipo mawu ake onse anali oona. Anakatsegula chipinda n'kutulutsa njinga, n'kuipopa. Koma akuti inu munaiyang'ana n'kunena kuti, "Ibwezere. Atikonda ndi nesi, anaona zimene anaona. Pano akungofuna kundisangalatsa." Mawu amenewo ndi amene andigwiritsa cholembera. Ndinakuchotserani chikhulupiriro mwa inu nokha, ndipo tsopano ngakhale ine amene ndinachichotsa simukundikhulupirira ndikamachibweza.

Ndiye popeza mukuti ndine nesi, mverani nesiyo. Munthu amene mutu wake wayamba kuiwala sakwera sitima ya mumzinda wachilendo kachiwiri kokha n'kuuza mwana wake kuti wakwera yolakwika, monga munandiuzira ine tikupita ku Arlington, ine n'kutsutsa, mpaka tinakatsikira kwina. Sathandiza mdzukulu wake masamu a kusukulu n'kukumbukira sabata yotsatira funso limene linamuvuta. Sanena chinthu chimodzimodzi, mofanana, kwa miyezi inayi, aliyense akumutsutsa. Munati simunampatse, ndipo simunampatse. Munayesetsa kukumbukira osaona kanthu chifukwa kunalibe choti mukumbukire. Zizindikiro zonse zija ndinazitola ine ndi maso a kuntchito, chifukwa kunali kosavuta kukayikira mutu wanu kusiyana ndi kuwerama n'kusuzumira pansi pa tebulo langa. Mukafuna kukaonana ndi dokotala tsiku lina, monga munthu aliyense wa msinkhu wanu, mudzapite mwa kufuna kwanu, osati chifukwa cha mawu anga.

Ndalakwa, Ababa. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa mlendo, ndinapisa m'matumba mwanu, ndinakunenani kumbali kwa mwana wanu ndi kwa abusa anu. Ndinkagwada pamaso panu kawiri pa tsiku n'kumadziona ngati mwana waulemu, pamene mawu anu sindinawapatse ulemu ngakhale pang'ono. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Mukhoza kundikwiyira mpaka Pasaka, ndipo ndingakonde kuti mukwiye ndithu, mundikalipire ndi mawu anu aakulu aja, kusiyana ndi kumandiuza za mvula.

Zopempha zanga ndi izi. Mupite kwa abusa mukawauze kuti akubwezereni Sabata yanu. Ngati n'kovuta kufotokoza, atengereni kalatayi awerenge okha, manyazi ake ndi anga. Inenso ndiwaimbira. Ndikufuna kuti pa Khrisimasi mudzalalikire, Lorraine adzagwire foni kutsogolo kuti ine ndi Daisy tidzamve, ngakhale kuno kudzakhala kusanache. Ndipo manda a Amayi muziwayendera chifukwa mwawasowa, osati poopa kuiwala njira.

Za kubweranso kuno sindikukakamizani. Chitupa chanu cholowera kuno chikadali ndi nthawi, chipinda chanu chili momwe munachisiyira, ndipo Robin amagona pampando wanu masana onse, ukamuchotsa amabwererapo. Daisy anati beseni tilitaye. Ndakana, lilibe mlandu. Koma mukadzabwera, mudzakasamba kumpopi monga munanenera tsiku loyamba lija. Ngakhale pa chimenecho munanena zoona.

Mundiperekere moni kwa Lorraine, mumuuze kuti mawu ake ndawamva ndipo ndawasunga. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa abusa ndi akuluakulu a mpingo. Janeth ali ndi kaphukusi kanu, muli masokosi, mabatire a wailesi ndi belu latsopano la njinga limene wasankha Daisy. Iye wayambanso kundiyankhula, pang'onopang'ono. Wati ndikulembereni mawu ake momwe wawanenera, osakonza: "Agogo, ine nadziwa kuti inu simunama. Robin akufuna inu."

Kalatayi musavutike kuiyankha. Yankho limene ndikudikira ndi lakuti tsiku lina Lorraine andiimbire akudandaula kuti mwatuluka ndi njinga m'mamawa, simunanene kumene mukupita, ndipo mpaka pano simunabwere chifukwa mwapeza anzanu pa positi.

Mulungu akusungeni, Ababa. Simunampatse kanthu.

Ndine mwana wanu wopupuluma uja,

Atikonda